Mkazi Wofufutidwa pa Chithunzi cha Ukwati

Choyamba kumudabwitsa Lumbani chinali chakuti mkazi wa pachithunzi uja ankaoneka ngati akuyang'ana iyeyo, pamene anthu ena onse maso anali pa mkwatibwi.

Munali mu 1998, ndipo mwa ojambula zithunzi a m'Biwi, Lumbani yekha ndiye anali ndi kompyuta, yomwe mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Ankafufuta zipsera pankhope, kuwalitsa zithunzi zakuda, ngakhale kumuveka munthu jekete. Chithunzi cha ukwatichi anabwera nacho Mayi Zipora, omwe anali mkwatibwi pachithunzipo.

"Mundichotsere uyu waima kumbuyo kwa amuna angayu," ananong'ona mayiwo. "Ndi Dailesi, mng'ono wanga. Anandilanda banja."

Masana kunkachuluka anthu, choncho ntchitoyi ankaigwira akatseka situdiyo. Usiku woyamba anafufuta mkono wa Dailesi, n'kumatapo khoma la tchalitchi pang'onopang'ono. Kenako magetsi anathima. Mumdimamo, agalu atasiya kuuwa, anamva kupuma pafupi ndi khutu lake, kupuma kwa munthu amene akupirira ululu. Atayatsa machesi, munalibe aliyense.

Usiku wachiwiri anachotsa miyendo. Kupuma kuja kunabweranso, ulendo uno pamodzi ndi phokoso la chinthu chokhwekhwerezeka pasimenti, kuchokera pakhomo mpaka kumbuyo kwa mpando wake. Sanacheuke.

Patapita masiku awiri, ali m'minibasi, anamva amayi awiri akunong'onezana za mkazi wa ku Area 23 amene anadzuka mkono utauma, mawa lake miyendo n'kufa, achipatala osapeza nthenda.

"Si Dailesi uja anakwatiwa ndi alamu ake?" anafunsa mmodzi.

Lumbani anatsikira panjira. Anathamangira ku situdiyo kuti akabwezeretse zomwe anafufuta, koma kompyuta inakana. Atatulutsa chithunzi chenichenicho m'kabati, anapeza kuti napo Dailesi watsala mutu, chifuwa ndi mkono umodzi basi.

Anafunsira khomo ndi khomo mpaka anaipeza nyumba ya Dailesi. Dailesi anali atagona pamphasa, khanda likulira pambali pake. Awiriwa anali asanakumanepo, koma Lumbani atangoti odi, mkaziyo anatembenuza mutu.

"Lero mwabwera masana, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Usiku ndimangokuonani msana. Ngati akulu anga akuti mumalize, malizani. Koma mwanayu akuyamwa. Chifuwa chokha mundisiyire."