Maso Ouma a Esinati Chikadza

M'chaka cha 2160, woyendetsa chombo cha m'mlengalenga sankanyamuka asanagone pa Chikamankhawa. Inali mphasa, koma osati ya bango. Inali ndi tizala tachitsulo zikwi makumi asanu ndi anayi, ndipo amene akuti ndawonjeza akawerenge yekha. Ukagonapo, tizalato tinkafufuza pamene mkwiyo kapena chisoni chamanga mfundo: pakhosi, m'mapewa, m'nsagwada, pamchombo. Tikapapeza tinkakama ngati mkaka mpaka thupi lonse lefu.

Chifukwa chake n'chakuti zombo za nthawiyo zinalibe chiwongolero. Zinkamvera maganizo. Woyendetsa ankakhala phee, n'kutsinzina, n'kumamvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, chombo n'kumayenda mowongoka. Mkulu wina anazemba mphasa atakangana ndi apongozi ake. Chombo chinazungulira dzuwa kasanu ndi kawiri, ndipo anatsika atapsa ngati chimanga chootcha.

Katswiri wa onse anali Esinati Chikadza. Mayiyo akatsinzina, ngakhale ntchentche za m'chombo zinkaleka kuuluka. Tsiku lina mwamuna wake Lufeyo anamwalira ku migodi ya ku Mwezi, ndipo Esinati analumbira kuti mtembo aunyamula yekha kukauika kwawo ku Ntcheu.

Loboti ya m'chombo inamutsekera khomo. "Amayi, simunyamuka chonchi. Mapewa anu afika m'makutu. Mutigwetsera m'nyanja."

"Ndiye bambo wa ana anga akwiriridwe m'fumbi la kuno, kopanda ndi mtengo womwe?"

"Gonani pamphasa."

Anagona. Tizala tinagwira ntchito maola atatu mpaka tinatentha. Atadzuka anali wopepuka ngati nkhuku yososoledwa nthenga. Anatsinzina, napuma, ndipo chombo chinakatera pabwalo la mpira la m'mudzimo osathyola ngakhale udzu umodzi.

Mavuto anayambira pomwepo. Delifa, mchemwali wa malemu, anathamangira kuchombo chitenje chili m'chiuno, wokonzeka kugwirira mlamu wake. Anapeza mlamuyo akutsika bwinobwino, maso ali gwa.

"Mlamu, misozi mwaiwala ku Mwezi?"

"Ndikufotokozerani, alamu."

"Mufotokoze chiyani? Mkazi wofedwa amatsika akugubuduzika! Inu mwatsika ngati mukubwera ku msika. Imfayi mukuidziwa. Pasiwa simukhala, ndipo manda a mlongo wanga simuwaona."

Esinati anatembenukira kuchombo. Anauza loboti kuti itulutse mphasa, naiyala pakhonde. "Misozi yanga yatenga ndi iyi. Ngati ndikunama, gonanipo muone."

"Ine? Mkwiyo wangawu ngakhale makina a ku Mwezi athyoka!"

Anagonapo mwamatama. Tizala tinalira ngati chigayo, ndipo mfundo ya m'khosi mwa Delifa inamasuka ndi phokoso lomwe linabalalitsa mbuzi. Anadzuka akuphethira. "Mlamu, pepani. Khalani pampandopa. Koma ndimakalipa chiyani paja?"

Ataona zimenezo, achibale onse anafuna kulawako. Azakhali anagona, amalume anagona, ngakhale azimayi a nyimbo anaima pamzere. Pofika masana nyumba ya siwa inali zii, aliyense atakhala mwakachetechete, akupuma mofatsa ngati mwana wokhuta.

Apa ndi pamene anthu ophunzira amene anapanga mphasayo sanaganizepo. Uthenga unali utafika m'mafoni a midzi yonse, koma kwathu munthu sakhulupirira foni pa nkhani ya maliro. Amadikira mfuu. Mfuu kunalibe. Adzukulu okumba manda anasuzumira patali, naona anthu ali phee, nati, "Awa akupemphera," n'kubwerera kumunda. Tsiku linatha, lachiwiri linacha, manda osakumbidwa.

"Mlamu, lirani ndinu," anatero Delifa. "Ine ndayesa, kukungotuluka kuyasamula."

Esinati anapita kwa loboti. "Bweza zimene mphasa yako inachotsa."

"Sizibwerera, amayi. Komanso mphasayo inangomasula mfundo. Chimene chinamanga mfundozo sinachikhudze."

Mayiyo anabwerera m'nyumba ya siwa. Anakakhala pafupi ndi bokosi, natsinzina monga ankachitira m'chombo. Mpweya kulowa, mpweya kutuluka. Tsopano panalibe ulendo woti awongole, panalibenso womuloza chala. M'bata limenelo anamuona Lufeyo ali mnyamata, akumuphunzitsa kupalasa njinga pamsewu wa fumbi, akuthamanga m'mbuyo mwake n'kumafuula kuti, "Ndakugwira, usaope!" pamene anali atasiya kalekale.

Kulira kumene kunatuluka, abale anga, sindinakumvepo kwina. Pakhosi panali poyera, pachifuwa popanda chotchinga, ndiye mawu anatuluka onse nthawi imodzi. Malata anasasuka pa nyumba zitatu. Anthu a ku Mozambique anaponya makasu pansi n'kuyamba ulendo. Delifa atamva, nayenso anayamba, azakhali n'kulandira, ndipo adzukulu anabwera akuthamanga kuchokera m'midzi isanu ndi umodzi. Anakumba mwachangu mpaka anapeza madzi, n'kuyambanso pena.

Lufeyo anaikidwa madzulo a tsiku lomwelo, Esinati ataima patsogolo, Delifa atamugwira mkono. Mphasa ija anaikulunga n'kuibwezera m'chombo, ndipo sinayalidwenso pamaliro aliwonse m'dera lonselo.

Makina angathe kukumasula thupi, koma chimene ukakumane nacho ukatsinzina n'chako wekha.