Petronela ndi Mbaula Yong'aluka

Petronela ankaopa matope. Ankawaopa kwambiri.

Kale ankakhala ku Chilobwe. Tsiku lina kunagwa chimvula. Matope anatsika m'phiri. Anatenga nyumba yawo. Anatenga mabulangete. Anathyola dzanja la amayi ake. Chinatsala ndi mbaula yadothi yokha, nayonso yong'aluka.

Tsopano ankakhala ku Chemusa, m'kanyumba ka lendi. Analimo atatu: Petronela, amayi ndi kamlongo kake, Onesimo.

Kenaka kunabwera chiperoni. Kunja kunali nkhungu ndi mawawa. M'nyumba munali zii! Onesimo ankatsokomola. Timapazi take tinali tozizira ngati miyala.

"Amayi, tikoleze mbaula ija," anatero Petronela.

"Sizitheka, mwanawe. Ikatentha, iswekeratu. Ikufunika kuimata ndi dongo. Koma dzanja langali silikanda."

Petronela anayang'ana mbaulayo. Dongo! Dongo ndi matope omwewo.

Onesimo anatsokomolanso. Kenaka analira. Analira motsitsa, ngati kamwana ka mphaka.

Petronela anatenga khasu. Anakumba dothi pachulu. Anathiramo phulusa. Anathiramo madzi. Anapisamo chala chimodzi, nachichotsa msanga. Matopewo anali ozizira ngati a tsiku lija. Misozi inatsika.

"Amayi, ndikuopa."

"Nanenso ndimaopa," anatero amayi, nakhala pafupi naye. "Kanda ngati ufa wa mandasi. Ine ndili pompano."

Petronela anakanda akulira. Anakanda, anakanda. Anamata mng'alu wonse. Amayi anagwira mbaula, iye nakulunga waya.

"Tikoleze tsopano?"

"Ayi, iyambe yauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Koma dzuwa linkachita manyazi. Silinatuluke. Mawa lake silinatulukenso. Onesimo ankangotsokomola. Petronela ankamufungatira m'juzi yake. Anali ndi chisoni.

Mmawa wina anagogoda mbaula. Inali gwa! Yauma!

Amayi anatsekula zenera pang'ono kuti utsi uzituluka. Petronela anaika tinkhuni. Moto unayaka. Onse anayang'ana pamng'alu. Sipanatseguke. Pang'onopang'ono m'nyumba munayamba kufunda.

Onesimo anakhala tsonga. Anatambasula timiyendo. Anatambasula timanja. Anayamba kuwotha.

"Taonani mdalayu!" anatero amayi. "Akuwotha ngati alandilodi!"

Ndipo amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi.

Petronela anangoti kukamwa yasa. Chichokereni ku Chilobwe, anali asanawamvepo amayi akuseka.