Mzere wa Matope Kuseri kwa Kabati

Nyumba ya a Makwerero inali yoti ukamalowa umachita kupukuta mapazi kawiri. Si kuti munali chuma ayi. Munali mipando itatu yokutira nsalu zoluka, wailesi yomwe inkangodziwa nyimbo zauzimu ndi zanyengo, komanso Baibulo lothothoka masamba chifukwa chowerengedwa. Pakhoma pomwe ena amapachika chithunzi cha ukwati, iwo anapachikapo mapu a mtsinje.

Dzina loti Makwerero analitengera kuntchito. Bambowa anagwira zaka makumi atatu ku ofesi yoona za madzi osefukira, ndipo kulikonse ankayenda ndi makwerero paphewa. Madzi akasefukira n'kuphwera, iwo ankalowa nyumba ndi nyumba kufunafuna mzere wa matope umene madzi amasiya pakhoma. Akaupeza ankayeza kutalika kwake n'kukhoma kachitsulo kofiira panja pa nyumbayo. Manambala ankapita kwa ojambula mapu, iwo n'kulemba mzere wofiira woti kuno kumafika madzi, uku sikufika. Ogula nyumba, ogawa malo, ngakhale galimoto zosamutsa anthu mtsinje ukakwiya, onse ankayang'ana mzere umenewo.

Ana analipo awiri. Wamkulu anali wamkazi, telala wa manja abwino, wokwatiwa, wa ana awiri. Wotsiriza anali mnyamata, aliyense ankangomuti Mzime. Abale inu, mwanayo anali wooneka bwino! Akamayimba kwaya, atsikana ankatsegula nyimbo ina m'buku n'kumayimba ina.

Bambo atapuma pantchito, Mzime analembedwa ku ofesi komweko. Tsiku loyamba a Makwerero anamuyimitsa pakhomo.

"Mwana wanga, khoma la panja ndi labodza. Mvula imalitsuka, eni ake amalipaka penti. Uzilowa m'nyumba, uzisuntha kabati. Kuseri kwa kabati sikufika tsache, sikufika penti. Ndipo makwerero asamatsale m'galimoto, chifukwa madzi amakwera kuposa mmene anthu amanenera."

"Ndamva, bambo."

Mayi ake anawonjezera ali kukhitchini: "Ndipo m'nyumba za eni ukalowemo ndi maso a ntchito. Maso enawo uziwasiya kuno, ndikusungira."

Onse anaseka. Akanadziwa!

Chaka chomwecho mtsinje unasefukira. Madzi ataphwera, Mzime anapatsidwa msewu wa kumunsi, wa nyumba khumi ndi ziwiri, kuti akayeze. Dalaivala wa ku ofesi anamutsitsa pa nyumba yoyamba, nati, "Yambirani pamenepa bwana, ine ndidikira m'galimoto."

Nyumbayo inali ya mayi wina wa saluni, amene anthu ankamutcha Zikhadabo chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zopaka utoto, zoti sangatole nazo ngakhale singano. Nyumba zina zonse zinali zothimbirira ndi matope, koma yake inali mbee, penti wa dzulodzulo, mkati ndi kunja komwe.

"Odi, mayi. Madzi analekeza pati muno?"

"Ii, lowani a injiniya." Mzime sanali injiniya, anali woyeza chabe, koma dzinalo linamukomera ngati uchi. "Madzi ake ati? Anangotinyambita basi. Analekeza apa." Mayiyo anakweza siketi n'kuloza bondo, ndipo sanafulumire kuitsitsa.

Mzime anayang'anitsitsa bondolo. Komabe mphuno yake inamva fungo la matope, ndipo pamwamba pa zitsulo za windo anaona udzu wouma utakodwa. Udzu sukwera wokha pawindo. Pakona panali kabati yaitali yofika kudenga.

"Ndisunthe kabatiyo pang'ono, mayi."

"Muli zovala zamkati za mzimayi mmenemo, a injiniya. Mwafika lero lomwe, mukufuna kale kuona zonse?" Anaseka, namukokera mpando wa saluni. "Khalani pansi. Tsitsi labwino chonchi, akukumetani ndani mokuwonongani?"

Dalaivala anadikira maola atatu osaliza hutala. Mzime potuluka anali atametedwa bwino, akununkhira, ndipo kachitsulo kofiira anakakhoma pofika m'bondo. Makwerero sanatsike n'komwe m'galimoto.

Koma bodza silikhala lokha, limafuna anzake. Mawa lake Mzime atayeza nyumba yachiwiri anapeza mzere wa matope pamwamba pa chitseko. Anabwerera kwa Zikhadabo thukuta lili kamukamu.

"Sizigwirizana. Madzi sangafike m'bondo kwa inu, kwa oyandikana nanu n'kupitirira mutu. Ku ofesi aona."

"Ndiye tsitsa zonse, wokondedwa. Ine ndikufuna ndigulitse nyumbayi tichoke tonse, tikayambe moyo wathu kwina. Ndani angagule nyumba ya mumzere wofiira?"

Manambala a nyumba khumi ndi imodzi zotsalazo Mzime anawalemba atakhala pampando wa saluni, zikhadabo zikumukanda m'mutu. Eni nyumba ataona tizitsulo tikukhomedwa m'munsi, anangoyang'anana n'kutseka pakamwa. Nawonso ankafuna kugulitsa kapena kuikamo alendi.

Ku ofesi mayi wojambula mapu anavula magalasi n'kuwavalanso. "Manambala a kumunsiwa atsika bwanji?"

"Kuli kamtunda kumeneko, mayi. Sikaoneka bwino ukakhala patali."

"Akanakhala wina ndikanapita kukaona ndekha. Koma mwana wa a Makwerero sanganame." Anasayina pansi pa dzina la Mzime, ndipo msewu wa kumunsi unatuluka mumzere wofiira.

Pamsonkhano wa pachaka wa anthu a ntchitoyi, pomwe oyeza, ainjiniya, ojambula mapu ndi ochenjeza anthu amakumana atavala masuti onunkha mankhwala a njenjete, Mzime anawomberedwa m'manja kuti anamaliza msanga kuposa onse. A Makwerero, omwe anaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, anakwera kutsogolo misozi ili m'maso n'kumupatsa makwerero awo akale anthu onse akuona.

Pobwerera kunyumba bambowo anafunsa motsitsa mawu: "Msewu wa kumunsi uja, ine ndinakhomako kachitsulo pamwamba pa chitseko iwe usanabadwe. Wauma liti?"

"Mtsinje unasintha njira, bambo. Zanu zija n'zakale."

"Kabati unasuntha?"

"Ndinasuntha."

Atafika kunyumba, mayi ake sanabise mawu: "Malaya akowa akununkhira mafuta omwe m'nyumba muno mulibe. Kwaya unasiya. Iwe Mzime, tsiku lina udzalira ndi diso limodzi."

Patapita miyezi iwiri, Lamlungu masana, achemwali ake anabwera akumwetulira mpaka m'makutu.

"Ndapeza nyumba! Ili ndi chipinda kutsogolo choti ndiikemo makina anga osokera. Msewu wa kumunsi, ya mayi wa saluni uja. Akuti andisiyira ndi kabati yomwe. Bambo akukayika, ndiye ine ndinapita ku ofesi kwanuko kukaona mapu. Dzina lili pansi pake ndi lako." Anamugwira dzanja. "Mzime, ndinakubereka kumsana ine. Ndiuze iweyo. Ndigule?"

"Ndikuyankhani mawa, achemwali."

Mzime anathamangira ku saluni. "Musagulitse kwa achemwali anga! Gulitsani kwa wina aliyense, koma osati iwo!"

Zikhadabo anapitiriza kuuzira zikhadabo zake kuti ziume. "Ndiye ndigulitse kwa chemwali wa ndani? Aliyense wogula ali ndi mchimwene wake."

"Ndikaulula."

"Kaulule. Ine ndinangopenta nyumba yanga, kupenta si mlandu. Wokhoma kachitsulo ndani? Wosayina ndani? Bambo ako aja ukawauza chiyani?" Kenaka anafewetsa mawu. "Usapuse, wokondedwa. Madzi otere amabwera kamodzi pa zaka zambirimbiri. Tikakhazikika tidzawasamutsa achemwali akowo."

Mawa lake Mzime anayang'ana pansi nati, "Gulani, achemwali."

Tsiku limene achemwali ankalowa m'nyumba, Mzime anali atalongedza kale chikwama chake. Anapita pomwe anagwirizana kukumana ndi Zikhadabo, nayima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amene anabwera ndi mayi wogulitsa makala, amene sasunga nkhani ngakhale theka la ola.

"Mukudikira a saluni? Ii, pepani! Anapita dzulo ndi dalaivala wa ku ofesi kwanu uja. Simunadziwe? Chibwenzi chawo n'cha zaka zitatu! Ndiye amene anawauza tsiku lobwera oyeza, kuti apente msanga. Anati awabweretsera kamnyamata kofewa ngati mkate."

Apa m'pamene Mzime anazindikira zonse. Maola atatu aja dalaivala anadikira osaliza hutala! Ankadziona ngati tambala, pomwe anali nkhuku yomwe ena anaimanga kale miyendo. Anabwerera kunyumba n'kubisa chikwama pansi pa bedi. Apa ndiye panali poti aulule, pakuti womunyengerera anali atapita. Koma manyazi anamutseka pakamwa. Anabwerera ku kwaya, ndipo anthu akamapempherera mvula, iye yekha chamumtima ankapempha chilala.

Mvula sinamve pemphero lake. Inagwa masiku asanu osakata. Lachitatu m'mawa uthenga unafika ku ofesi kuti mtsinje ukukwera, ndipo bwana anayamba kuwerenga misewu yoti galimoto zikasamutse anthu. Ankawerenga ya mumzere wofiira yokha. Msewu wa kumunsi sunatchulidwe.

Mzime anali pomwepo. Anayang'ana mayi wojambula mapu, anayang'ana bwana, anayang'ana wotchi. Galimoto zonse zitatuluka m'pamene anakuwa: "Kumunsi! Kumunsi kulinso anthu!"

"Kumunsi n'kouma, si iwe unayeza?" anatero bwana.

Mzime anatuluka liwiro mvula ikumumenya. Pofika, msewu unali utasanduka mtsinje. Achemwali ake anali padenga, khanda kumsana, wamkulu atamukumbatira pachifuwa. Alamu ake anali atathyoka mwendo powakweza. Makina osokera, nsalu za makasitomala, madiresi a ukwati a eni ake, zonse zinali pansi pa madzi. Bwato linawapulumutsa dzuwa likupendeka. Koma nyumba yachitatu munali banja lomwe linali litangosamukiramo ndi agogo awo osayenda. Agogowo sanakwere padenga. Anawapeza patapita masiku awiri.

Madzi ataphwera, ofesi inatumiza gulu lonse kumunsi, ndipo inapempha a Makwerero kuti akathandize. Anayambira m'nyumba ya mwana wawo wamkazi. Iye anali ataima pakati pa matope, atanyamula mutu wa makina wochita dzimbiri.

"Tisunthe kabati," anatero a Makwerero.

Amuna anayi anaikoka. Kuseri kwake, pakhoma losapenta, panali mizere iwiri. Wa chaka chino, wonyowa, unali pofika m'khosi. Pamwamba pake, kupitirira mutu wa munthu, panali wina wouma, wa chaka chatha, uli tayale ngati wolembedwa ndi rula.

Mayi wojambula mapu anatuluka panja, nayang'ana kachitsulo kofiira ka m'bondo kaja, n'kukhala pansi m'matope momwemo.

A Makwerero anatambasula dzanja kuti ayeze mzere wa pamwambawo, koma sanaufikire. Anatembenukira kwa Mzime.

"Makwerero anga ali kuti?"

"Ali kunyumba, bambo. Kuseri."

"Unawagwiritsapo ntchito?"

Mzime anagwada m'matope. Anaulula zonse, za bondo, za mpando wa saluni, za nyumba khumi ndi ziwiri, za m'mawa uja anakhala chete galimoto zikutuluka. Ankalira kuti anapusitsidwa, kuti mkazi uja ndi dalaivala anamutchera msampha.

Achemwali ake anaika mutu wa makina pansi. Sanakuwe ayi, bola akanakuwa.

"Iwo anakupusitsa, inde. Sanali abale ako. Ine ndinakugwira dzanja n'kukufunsa, Mzime. Ana anga ankagona m'chipinda chino. Ndinakufunsa."

Anamulambalala n'kutuluka.

Ntchito ya Mzime inatha tsiku lomwelo, ndipo dzina lake linafufutidwa m'gulu la oyeza. Mayi wojambula mapu nayenso anachotsedwa, kutatsala zaka ziwiri kuti apume, chifukwa chosayina zomwe sanaone. Misewu yonse imene Mzime anayezapo, anzake anaiyezanso. Mlandu wa agogo aja unapita kukhoti, ndipo mnyamata wa kwaya uja anakayimbira kundende. Zikhadabo ndi dalaivala wake mpaka lero sakudziwika komwe ali. Ena amati anasiyana kale, koma zimenezo ndi za tsiku lina.

Mayi ake amapita kukamuona mwezi ndi mwezi. Akuti analapa ndithu, ndipo Mulungu sataya wolapa. Achemwali ake sanapiteko. Amasokera pakhonde la eni ndi makina obwereka, ndipo munthu akatchula mchimwene wawo amangopondetsa makinawo mwamphamvu. A Makwerero anachotsa mapu aja pakhoma. Kumsonkhano wa pachaka amawaitanabe, koma sapitako.

Tsono inu achinyamata, mverani. Ntchito imene anthu amagonera tulo poidalira, musamaigulitse chifukwa cha kumwetulira kwa munthu. Wokunyengererani kuti muname sadzakhalapo tsiku loyankha mlandu, ndipo bodza lanu silisankha womiza, likhoza kuyambira pa mlongo wanu. Mukalakwa, ululani madzi asanabwere. Khoma la panja mukhoza kulipenta anthu n'kukuwomberani m'manja, koma tsiku lidzafika loti kabati isunthidwe, ndipo mzere udzapezeka uli pomwepo.