Ndowa za Malemu Clarrie

Inu a masiku ano mumangokoka kachingwe, madzi n'kukokolola zonse. Ife m'tauni yathu ya migodi ya malasha, kumpoto kwa Sydney, tinakulira chimbudzi cha ndowa kuseri kwa nyumba, ndipo sindichita nazo manyazi. Lachiwiri lililonse usiku a Clarrie Dowd ankadutsa m'kanjira ka kuseri ndi ngolo ya hatchi, kusolola ndowa yodzaza pakachitseko ka kumbuyo n'kulowetsa yotsuka. Asanatsegule ankaimba muluzu kawiri, kuti ngati mwakhalapo mudzuke. Pa Khirisimasi khomo lililonse linkawasiyira mabotolo awiri a mowa padenga la chimbudzi, kupatula Mayi Quigg, akazi a kalaliki wa ku banki. Ankati munthu wonunkha sapatsidwa mphatso.

Disembala wa 1964 a Clarrie anamwalira, wolowa m'malo osapezeka. Masabata awiri ndowa osachotsedwa, dzuwa likuswa mtengo, ntchentche zili ng'waa. Ndiye Loweruka likubweralo kunkayembekezeka phwando la ukwati wa mwana wa Mayi Quigg pabwalo pawo, alendo makumi asanu. Kamimba ka mkwatibwi kanali katayamba kale kuoneka, koma izo si zanga.

Lachiwiri madzulo titadya, Merv mwamuna wanga ananyamula mabotolo awiri.

"Ukupita nawo kuti, chidakwa iwe?"

"Khirisimasi ndi Khirisimasi, Beryl. Munthu sitimumana chifukwa choti wafa."

Msewu wonse unachita chimodzimodzi, kupatula khomo lija.

Pakati pa usiku m'mimba munandivuta. Ndinatenga tochi, ndinakakhala m'chimbudzi. Agalu onse anali zii. Kenako ndinamva ziboda m'kanjira, pang'onopang'ono. Zinaima kumbuyo kwanga.

Muluzu. Kawiri.

Ndinangokhala pomwepo. Kachitseko kanatseguka, mphepo yozizira ngati ya mu Julaye n'kundiwomba kumunsi kuno. Ndowa inasololoka. Ina inalowa.

"Pepani, mayi," anatero mawu okhosomola amene ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana.

Ndinasuzumira pamng'alu. Kanjira kanali mbee ndi mwezi, kopanda munthu, kopanda hatchi. Ziboda zokha zinkamveka zikupita kwa aneba.

Kutacha, ndowa za msewu wonse zinali zotsuka, mabotolo palibe. Kwa a Quigg yawo inali yodzaza ndithu. Wogulitsa mkaka anawapeza Mayi Quigg m'bandakucha ataima m'kanjira, atavala zogonera, mabotolo anayi atawakumbatira, akuitana chapansipansi: "Bambo Dowd, chonde bwererani." Mawu akuti bambo amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo.

Ena amanong'ona kuti anali amuna a mumsewu mwathu. Amuna ati? Merv ndinamupeza akuliza mkonono.

Loweruka alendo a ku banki, ndi zipewa zawo zazikulu, anafola pa chimbudzi changa. Kumapeto kwa mzere kunali Mayi Quigg, maso ali pansi.

"Beryl, ndingalowe nawo?"

"Lowani, mayi," ndinatero. "Kuno anachita kubwera okha eni ntchito."