Dzanja la Makaniko

Ndaphunzitsa vayolini zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo si ine munthu wokonda nkhani za mizukwa. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, dzuwa likuswa mtengo. Mwamuna wanga, yemwe ankakhoma shelefu m'chipinda chinacho, akhoza kuchitira umboni.

Wophunzirayo anali makaniko, bambo wa zaka makumi anayi. Vayolini imene anabwera nayo ndinaizindikira atangotsegula bokosi. Inali ya mkulu wake, malemu, amene tinkaimba limodzi m'gulu la oimba. Nkhani yake ndinali nditaimva kale. Litangotha tsiku la maliro, makanikoyu analowa kuchipinda kwa mlamu wake wamasiyeyo n'kunyamula vayoliniyo. Mwana wamkazi wa malemu, yemwe bambo ake ankamuphunzitsa kuimba, anakakamira bokosilo. Bambo ake aang'onowo anamumatula zala mwankhanza mpaka chala chimodzi chinathyoka.

Ndinamulandirabe. Mwina ndinkangofuna kuti vayoliniyo ndiziiona.

Patatha chaka tinafika pa phunziro lonjenjemeretsa mawu. Chala chimakhazikika pa nsambo, dzanja n'kumagwedezeka mofewa kuti liwu lizilira ngati la munthu. Apa panamukanika. Dzanja lake linali gwa, ngati chitsulo.

"Masulani chala chachikulu, bambo. Vayolinitu mukuikanyanga pakhosi."

"Achimwene ankatha. Ineyo chingandikanike n'chiyani?"

Miyezi itatu inapita choncho.

Lachinayi lina masana kunkatentha kwambiri, mawindo onse ali otsegula. Hamala ya mwamuna wanga inkamveka: kho, kho, kho. Kenako inaleka. Makatani anasiya kugwedezeka. M'chipindamo munadzaza fungo la mankhwala opaka, aja owawa m'maso, amene malemu ankapaka paphewa asanayambe kuimba. Munazizira.

Makaniko anakoka uta woimbira pa nsambo. Liwu linatuluka likunjenjemera, mochedwa poyamba, mofulumira kumapeto. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankaimba choncho.

"Mwamva, aphunzitsi? Ndatha!"

Anaseka. Kusekako sikunakhalitse.

"Ndisiyeni mkono."

"Sindinakugwirenitu."

Ndinali nditaima pawindo, kutali naye. Ndinayang'ana mkonowo. Pamwamba pa wotchi, khungu linali litalowa m'kati malo anayi, ngati pali zala zikufinya.

"Achimwene," ananong'ona. "Basi."

Dzanja silinaleke. Nsambo inamucheka chala. Magazi anadontha pa nsapato. Liwu silinasweke ngakhale pang'ono. Mwamuna wanga anaima pakhomo, hamala ili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Ndivomere: sindinasunthe kuti ndimuthandize. Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Inali nyimbo yokoma.

Uta utagwa pansi, fungo lija linachoka. Koma dzanja lamanzere linapitiriza kunjenjemera. Mawa lake silinasiye, mkuja silinasiye. Sipanala inkamupulumuka, kapu ya tiyi ankadzikhutulira. Madokotala atatu anamupima, osapeza kanthu. Ntchito inatha.

Ndiye anandipempha kuti ndimuperekeze kwa mlamu wake. Anagwada pakhonde, bokosi lili patsogolo pake. Mtsikana uja anatuluka, analinyamula, n'kulowa nalo m'nyumba. Mayi ake anatsala chiimire. Analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, nkhope ili phee.

"Alamu, chonde, auzeni achimwene andisiye."

"Ine ndiwauze?" anatero mayiyo motsitsa mawu. "Mwamuna wanga sankasiya wophunzira pakati panjira. Inunso mukuwadziwa."

Anatseka chitseko.

Sabata yatha ndinakumana naye pa siteji ya basi. Wawonda. Dzanja lamanzere analimangirira pachifuwa ndi nsalu, koma nsaluyo inkagwedezekabe. Atandiona anakweza lamanja kuti andipatse moni.

Nalonso layamba.