Khoma la a Venâncio

A Leonor anatsomphola chopakira m'manja mwa mpongozi wawo Carlota n'kuchiponya pabwalo. Khoma limodzi la chipinda cha amuna awo, a Venâncio, linali litatha kale, tinta, penti wa kusitolo, akali wamuwisi. Unali mtundu wozizira, wotuwa ngati phulusa, koma wopendekera ku chovala chimene ansembe a ku Fonte Boa amavala pa Misa ya maliro.

"Munthu akupuma, iwe wayamba kale kumukonzera maliro?"

Chigwereni a Venâncio m'munda n'kufa ziwalo mbali imodzi, miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, Carlota ndiye ankachapa zofunda, kuwamwetsa phala ndi kuwakhazika padzuwa. Mwamuna wake Patrisio ankangobwera Loweruka kuchokera ku Kalomwe, n'kugona. Mphamvu zokangana Carlota analibe.

A Leonor anapitiriza mokweza mpaka amayi oyandikana nawo anadzaza pakhomo. Anati chibwerereni kothawa nkhondo ku Malawi, nyumba imeneyi akhala akuipaka njereza ndi manja awo chaka ndi chaka, ndipo palibe anadandaulapo. Anati mtengwa amene wathamangira mtundu wa maliro ndiye kuti nyumba waiwerengera kale kuti ndi yake.

Carlota anayang'ana pabalaza, pomwe anagoneka a Venâncio kuti fungo la tinta lisawatsamwitse. Iwo ndiwo anamunong'oneza sabata yatha kuti kuyera kwa khoma kukuwalasa m'maso tsiku lonse, ndipo poti kumunda sadzafikakonso, bwenzi khomalo litafanana ndi maluwa a kachewere wawo. Iye anathyola duwa limodzi, n'kupita nalo ku Ulongwe kuti wogulitsa asakanize mpaka zifanane. Tsopano ankadikira kuti mwini wake anene. A Venâncio anatsinzina ngati ali m'tulo.

Misozi ya mtengwayo inatsika. Carlota analowa m'chipinda chake, n'kumenyetsa chitseko, n'kumanga zovala m'nsalu. Atatuluka anauza apongozi ake kuti akupita kwawo ku Lifidzi.

Apo m'pamene mawu olemera anatuluka pabalaza. "Amake Patrisio, ndinamutuma ndine."

A Leonor anafunsa chifukwa chimene sanawauzire iwo, mkazi wawo wa zaka makumi anayi. A Venâncio anati ankaopa kuwakhumudwitsa, poti njerezayo ankainyadira. Zaka zonsezi, anatero, inkawakhosomoletsa ikamagwa, koma ankangoti ndi chisanu.

Amayi a pakhomo aja anabalalika mmodzimmodzi. A Leonor anakhala pansi pafupi ndi mphasa ya amuna awo, manja ali pamiyendo. Patapita kanthawi anauza Carlota, osamuyang'ana, kuti atule katunduyo, poti iwo anathamangira kuyankhula.

Carlota sanatule. Anagwada monga mwa ulemu, mtolo uli m'manja, ndipo anawafotokozera nthawi ya mankhwala, mmene amawatembenuzira odwala kuti msana usachite zilonda, ndi pamene anasiya ufa wa phala. Anati abwera Lamulungu, akagone kaye masiku anayi opanda womudzutsa.

"Amayi, sindinakwiye, ndatopa. Masiku amenewa muwafunse abambo zimene akufuna, musanawasankhire. Inunso abambo, pakamwa panu sipanafe. Muziwauza nokha, musamadikire kuti ine ndiyambe ndalira."