Kabokosi ka Malemu Albino

Nkhani iyi imakambidwabe ku Namwera, koma motsitsa mawu, poti mwini wake akadali moyo.

Linali Lachinayi madzulo, m'zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza midzi ya m'malire. Ambrose anatseka msanga kashopu kake kokonzera mawailesi. Kashopuko kanali chipinda chakumaso cha nyumba yake yomwe. Anakoleza makala pambaula n'kuikapo chitsulo chowotcherera mtovu kuti chipse. Mkazi wake Jestina atamuitana kuti adzadye, iye anangoyankha ali chiweramire:

"Ndisungireni, ndikubwera."

Ambrose kwawo kunali ku Nkope, kunyanja. Usodzi unamukana ali wamng'ono, manja ake anakonda mawaya. Loweruka lililonse ankaimba gitala yamagetsi pabala ina, batire ya galimoto ili pambali. Koma gitalayo inkamuchititsa manyazi. Akakhudza nsambo pang'ono, mawu ankamira m'phokoso la anthu oledzera. Akamenya mwamphamvu, sipika inkalira ngati nsalu ikung'ambika.

Amene anamuuza mankhwala ake anali Albino, bambo wowonda wa chifuwa chosatha, amene anadutsa malire ndi mkazi wake Estela. Kwawo ankakonza zida za gulu loimba la m'tauni. Kuno ankagwira ganyu m'minda ya fodya. Tsiku lina anaima pazenera la shopu, kumvetsera Ambrose akuyesa gitala. Kenako anapempha pensulo n'kujambula mizere pachikatoni cha sopo.

"Aka n'kabokosi kopondera ndi phazi," anatero Albino m'Chichewa chake chopindika. "Ife timati kompuresa. Mawu aakulu kamawagwira pakhosi. Mawu aang'ono kamawanyamula. Onse amatuluka msinkhu umodzi."

Ambrose anasunga chikatonicho. Ku bala kuja anayamba kudzitama kuti akupanga chinthu chimene sichinaonekepo m'boma lonse la Mangochi, ndipo nzeruzo n'za m'mutu mwake. Usiku wina Albino anafika pakhomo la balayo, atavala jekete lake lopanda shati mkati, n'kukweza dzanja. Ambrose anayang'ana kumbali ngati sanamuone.

Zida zonse anazipeza kupatula mathiranzisita awiri a mtundu umene Albino analemba. Anafunsa mpaka ku boma, osawapeza.

Kenako Albino anagona mphasa. M'mawa wina Estela anafika ndi wailesi yaikulu yokulunga m'chitenje. Ndi chinthu chokhacho chimene anasenza pamutu masiku asanu ndi anayi m'tchire.

"Yasiya kulankhula, amisiri. Abambo akuti muione."

Ambrose ataitsegula anapeza kuti vuto linali waya umodzi wothothoka. Ntchito yoti n'kuimaliza ndudu imodzi isanathe. Koma pambali pa wayayo panali mathiranzisita awiri aja, ataima ngati mapasa. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anawachotsa, n'kuchotsanso kachokwezera mawu. Patatha masiku atatu anauza Estela kuti:

"Mayi, yapseratu mkati. Isiyeni konkuno ndiziyesabe, koma musayembekeze."

Estela anamuyang'ana m'maso. Anadikira pang'ono, ngati pali mawu ena amene akubwera. Atawasowa anati, "Zikomo, amisiri," n'kubwerera ndi chitenje chokha.

Albino anamwalira patatha masabata awiri, nyumba ili zii. Anamuika Lamulungu. Ambrose sanapite kumaliro. Anati akumva malungo.

Tsono Lachinayi limeneli ndiye linali tsiku lomaliza ntchito. Bokosi anali atalipinda kale kuchokera ku chitini cha mafuta ophikira. Chopondera chake chinali switchi ya magetsi a lole yakale. Anabowola kachidutswa ka fomika ndi msomali, n'kulowetsa miyendo ya tizida tonse. Utsi wa mtovu unkamulowa m'maso. Atafika pa mathiranzisita awiri aja, anawotcherera mothamanga, mtovu n'kuunjikana ngati zitosi za nkhuku. Sanafune kuwayang'anitsitsa.

Mudzi unali utagona. Jestina anali atazimitsa nyali kuchipinda.

Ambrose analumikiza gitala ku kabokosi, kabokosi ku ampulifaya yokweza mawu, ampulifaya ku batire. Anatsitsa mawu kuti asadzutse anthu. Anaponda. Anakhudza nsambo imodzi ndi chala.

Liwulo linatuluka lonenepa, loyera. Silinafe msanga monga kale. Linapitirira, n'kupitirirabe, ngati munthu wa mpweya wambiri. Anamenya mwamphamvu, sipika osang'ambika. Ambrose anaseka yekha m'kamdima.

Kenako anaika chikhatho pansambo kuti zikhale chete.

Kabokosiko kanachita ntchito yake. Katasowa mawu aakulu, kanayamba kunyamula aang'ono. Musipika munabwera kaphokoso ngati mvula ya kutali. Kanakula. Mkati mwa kaphokosoko munali china.

Munthu ankapuma.

Ambrose anagwira mpweya wake. Kupumako sikunasiye. Kunali kolemera, kokoka, kwa chifuwa chodzaza.

Iye ankadziwa bwino kuti gitala yamagetsi ilibe makutu. Imamva nsambo zokha. Anapondanso switchi kuti kazime. Zii. Anamvetsera kunja. Ngakhale galu sankauwa.

Anadziuza kuti ndi siteshoni ina ya wailesi yalowerera m'mawaya. Zimachitika. Anapondanso.

Kutsokomola.

Kunali pafupi tsopano. Pambuyo pake panamveka mapazi opanda nsapato, akukhwekhwereza pansi. Anaima. Kenako musipika munamveka kugogoda katatu. Ambrose anali akuyang'ana chitseko chenichenicho, ndipo sichinagwedezeke n'komwe.

"Odi, amisiri."

Anathothola waya ku batire n'kuutaya pansi. Sipika inafa. Anakhala chilili m'kamdima.

Chitseko chinagogodwa. Kamodzi. Ulendo uno chinali chitseko cha matabwa.

Anthu amadabwa kuti anatsegulirenji. Iye mwini amati sikunali kulimba mtima. Ankaopa kuti kugogodako kukapitirira Jestina adzuka, afunse kuti ndani, ndipo wakunjayo amuyankha zonse.

Anatsegula. Pakhonde panalibe munthu. Mwezi unali mbee. Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, panaima bambo wowonda atafulatira. Anavala jekete. Dzanja limodzi analitambasulira kumbuyo, chikhatho chotsegula, monga achitira munthu woyembekeza kulandira chake.

Ambrose anabwerera mkati. Anakoka wailesi ija pansi pa benchi, n'kuikumbatira. Atatuluka, bamboyo anali atayamba kale kuyenda.

Anamutsatira.

Kuchokera kushopu kukafika ku misasa ya othawa nkhondo sikunali kutali. Unkangodutsa minda iwiri ya fodya ndi kamtsinje. Koma usiku umenewo njira inakana kutha. Ambrose anadutsa chulu chokhala ndi chitsa pamwamba. Patapita nthawi anachidutsanso. Kenako kachitatu. Akafulumira, wa jeketeyo ankakhala patali pomwepo. Akachepetsa, nayenso ankachepetsa. Mame ananyowetsa buluku mpaka m'mawondo. Mapatapata anasiyika m'matope. Minga inamung'amba shati mpaka inatsala pachitsamba. Wailesi inkalemera ngati mwala wa mphero, koma manja anakana kuitula.

Wakutsogoloyo anatsokomola, n'kulankhula osatembenuka.

"Waya umodzi."

Ambrose anamva nkhope yake ikutentha ngakhale kunkazizira.

"Waya umodzi basi, amisiri."

"Ndinalakwa, a Albino," anatero Ambrose. "Ndikhululukireni."

Wa jeketeyo sanatembenuke. Anayendabe. Ambrose anayamba kulankhula zonse, za ku bala kuja, za malungo abodza, za chikatoni cha sopo. Misozi ndi mamina zinasakanikirana pachibwano. Atatopa, anakhala pansi n'kutsamira khoma lina la udzu. Anamva munthu akukhala pambali pake. Anamva fungo la dothi lofukulidwa kumene. Sanacheuke.

Chimene anamvanso ndi azana ya m'bandakucha, kutali kumzikiti.

Che Amidu, bambo wachikulire amene anapatsa othawa nkhondowo malo, ndi amene anamupeza akudutsa kupita kukaswali. Anamuunika ndi tochi n'kubwerera m'mbuyo.

"Astaghafirullah! Che Ambrose? Mukutani pano?"

Ambrose anali atatsamira nyumba ya Estela, chifuwa chili pamtunda, matope mpaka m'tsitsi, mapazi akuchucha magazi, wailesi ili pamiyendo. Posakhalitsa anthu anadzaza pabwalo, ena atafunda mabulangeti, ena ndi mipini m'manja.

"Mfiti yakodwa! Kwaichera!"

"Si ufiti umenewu. Akufuna namfedwa, manda asanaphwe n'komwe!"

"Munthu wa banja lake, osachita manyazi!"

Ambrose anayang'ana nkhope zonsezo. Ambiri anali anthu amene ankawakonzera mawailesi. Akanavomera za namfedwazo, amuna anzake akanamuseka mwezi umodzi n'kuiwala. Anaganizadi zimenezo. Koma chitseko cha bango chinatseguka, Estela n'kutuluka, mutu wometa, chitenje chakuda m'mapewa.

"Sindine mfiti," anatero Ambrose akuyang'ana pansi. "Ndine wakuba. Wailesi iyi sinapse. Ndinaba zamkati."

Estela anagwada n'kusisita wailesiyo pamwamba, kuchotsa matope ndi nsonga ya chitenje.

"Ndimadziwa, amisiri," anatero. "Waya uja anauthothola okha abambo. Anati, pita nayo kwa Ambrose, muli zimene akusowa. Anati, mwamuna uja sangabwere kudzapempha kwa munthu wothawa kwawo, koma akaziona ndi maso apempha, ndipo akapempha umupatse. Tsiku lija ndinaima n'kumadikira. Nditabwerera anandifunsa kuti, wapempha? Ndinati ayi. Anangotembenukira kukhoma."

Ambrose anafuna nthaka itamumeza. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi. Amene ananyamula mipini anaibisa kumbuyo.

Estela anaimirira, wailesi ili m'manja. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Koma ndiuzeni. Munali ndi ndani? Kuyambira tambala woyamba ndimamva anthu awiri kuseri kwa khomali. Winayo sindinafune kumutsegulira. Ndinamuika kale."

Che Amidu anavula shawelo yawo n'kumufunditsa Ambrose, n'kumuperekeza. Minda iwiri ndi kamtsinje, anali atafika.

Jestina anali akusesa pabwalo, nkhope yotupa ndi tulo. Ataona mwamuna wake akuchokera kumsewu, tsache linagwa.

"Inu mukuchokera kuti? Nanga m'shopumo muli ndani?"

"Mulibe munthu."

"Musandipusitse, bambo a kuno. Gitala yalira usiku wonse. Nyimbo zachilendo, zokoma, zoti sindinakumvenipo mukuimba. Ndinafuna kubwera kudzakuuzani kuti mugone, koma ndinangopezeka ndikulira pamphasa. Yasiya pompano, nthawi ya azana."

Analowa atatu. Gitala inali itatsamiritsidwa bwinobwino pakhoma. Waya wa batire unali pansi pomwe Ambrose anautaya. Iye ananyamula kabokosi kaja kuti achotse zimene anaba. Atatsegula chivundikiro, anakhala pansi.

Mtovu wounjikana uja panalibe. Miyendo isanu ndi umodzi ya mathiranzisita inali itawotchereredwanso, tinfundo tating'onoting'ono, tosalala, tonyezimira, tofanana tonse. Ambrose anagwira ntchito ya mawailesi zaka khumi ndi ziwiri, koma dzanja lake silinatulutsepo mfundo zotere.

Anatumiza uthenga kwa Estela kuti abweretse wailesi aibwezere zake. Estela anakana. Anati chimene mwamuna wake wamanga iye sangachimasule. Nkhondo itatha anabwerera kwawo ndi wailesi yosalankhulayo pamutu.

Ku Namwera ena amanong'ona kuti Ambrose analedzera, ndipo mfundozo anazikonza yekha osadziwa. Ena amati malemu anamutulutsa dala n'kumuzunguza m'minda kuti apeze mpata wokhala pabenchi. Akuti mmisiri weniweni angakukhululukire kuba, koma ntchito yothimbirira pa chinthu chimene anajambula yekha, imeneyo sangagone nayo.